Kodi nyumba yosungiramo katundu imavomerezedwa bwanji?

M'misewu ya ku Tete, Moatize ndi Ulónguè, amalonda amafuna malo oti amangepo nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, zomwe ambiri timazitcha armazém. Mmenemo amasunga chimanga, nyemba, soya, feteleza, simenti ndi zina. Nyumba zotere zimabweretsa ntchito ndi msika, komanso zikhoza kulanda minda, kutseka njira ya kuchitsime ndi kudzaza malole pakhomo pa sukulu. N'chifukwa chake lamulo limafuna kuti pempho liunikidwe ntchito isanayambe.

Malo ndi a yani?

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nthaka ndi ya boma, ndipo siigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Lamulo la za malo, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, womwe umatchedwa DUAT. Ufuluwu umapezeka m'njira zitatu: kukhala pamalo motsatira mwambo wa makolo, kukhalapo mopanda chinyengo kwa zaka 10 kapena kuposerapo ngati ndinu mbadwa ya dziko lino, ndi kupempha ku boma. Choncho mlimi amene alibe pepala ali ndi ufulu pamunda wake, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi umalandiridwa.

Wamalonda amadzera njira yachitatu. DUAT yochitira bizinesi imafika zaka 50 ndipo ikhoza kuonjezeredwa. Poyamba amalandira chilolezo chongoyembekezera, cha zaka 5 kwa mbadwa ndi zaka 2 kwa mlendo. Akalephera kuchita zomwe analonjeza popanda chifukwa chomveka, chilolezocho chikhoza kuthetsedwa.

Amene amaunika pempho

M'mizinda yomwe ili ndi município komanso pulani ya kamangidwe, pempho limapita ku khonsolo ya mzinda. Akatswiri amaona ngati malowo anaikidwa kuti akhale okhalamo anthu, a malonda kapena a mafakitale, motsatira lamulo nambala 19/2007 la kakonzedwe ka madera. Kumidzi, pempho limadzera ku ofesi yoona za malo, ndipo administrador wa boma limenelo amapereka maganizo ake atamva kaye anthu a m'deralo. Malo osaposa mahekitala 1000 amavomerezedwa m'chigawo momwemo. DUAT payokha siikwanira: pamafunikanso chilolezo chomangira, cha za chilengedwe ndi chochitira malonda.

Malo oletsedwa

Lamulo la 1997 linapatula malo omwe sipaperekedwa DUAT, koma chilolezo chapadera chokha. Ena mwa malowa ndi mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu, mamita 15 m'mbali mwa misewu yocheperapo, mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, ndi makilomita 2 kuchokera kumalire a dziko. Mfundo yomalizayi imakhudza kwambiri anthu a ku Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza, komwe amalonda amakonda kumanga pafupi ndi chipata.

Mawu a anthu a m'mudzi

Malo akakhala a kumudzi, payenera kuchitika consulta comunitária, msonkhano wofunsa anthu ngati malowo alibe eni ake. Misonkhano imakhala iwiri. Woyamba ndi wofotokoza za pempho ndi malire a malo, wachiwiri ndi woti anthu apereke yankho lawo. Zomwe agwirizana zimalembedwa m'kalata yotchedwa acta, ndipo oimira mudzi amasaina. Lonjezo la chitsime, ntchito kapena chipukuta misozi lomwe silinalembedwe mu acta limavuta kulitsatira mawa. Mfumu imatsogolera anthu ake, koma msonkhanowu ndi wa mudzi wonse, amayi ndi achinyamata omwe.

Za chilengedwe

Lamulo nambala 54/2015 limagawa ntchito zachitukuko m'magulu anayi: A+, A, B ndi C. Gulu limatengera kukula kwa ntchito, malo ake ndi ngozi yomwe ingabwere. Nyumba yosungira chimanga siiunikidwa mofanana ndi yosungira mafuta kapena mankhwala ophera tizilombo. Ngati mabanja ayenera kusamutsidwa, pamagwira lamulo nambala 31/2012, lomwe limafuna kuti moyo wawo kumalo atsopano ufanane ndi wakale kapena uupose.

Zoyenera kufunsa pamsonkhano

Funsani chomwe chidzasungidwe m'nyumbamo, komwe malole azidzalowera ndi kutulukira, komwe madzi a mvula ochoka padenga azidzapita, ndi mtunda wochokera pamalopo kufika kuchitsime, kumanda ndi kusukulu. Funsaninso kuti ndi angati a m'deralo adzalembedwe ntchito. Acta iwerengedwe mokweza m'chilankhulo chomwe aliyense akumva musanasaine, ndipo mudzi usunge kope lake. Amene sanakhutire apereke dandaulo lake molemba ku ofesi ya boma kapena ya khonsolo chilolezo chisanatuluke, chifukwa maziko akakumbidwa nkhani imakhala yovuta kubweza.