Namwino Naye Ndi Munthu: Azaumoyo ndi Katemera ku Milange

Mukapita ku sikelo ndi mwana, mumapeza namwino ali ndi jekeseni m'manja. Mwina mumaganiza kuti iye sakayika konse za katemera. Komatu namwino naye ndi munthu. Amapita ku msika, amaceza ndi abale, amamva mphekesera pa foni monga inu nomwe. Zimene iye amakhulupirira zimafika mpaka pa mkono wa mwana wanu.

Azaumoyo ndi ndani?

Boma la Milange lili m'cigawo ca Zambézia, pa malire ndi Malawi. Mukadutsa pa cipata ca Muloza, mwafika ku Mulanje. Azaumoyo a kuno ndi madokotala, anamwino, opereka katemera, ndiponso a APE, anthu a m'mudzi mwanu amene anaphunzitsidwa kuthandiza odwala. Ku Malawi anzawo amawati alangizi a zaumoyo. Palinso ophunzira. Ena amaphunzira unamwino ku Quelimane, ena udokotala ku Maputo, Beira, Nampula kapena Tete. Nchito ya katemera wa ana m'Mozambique imayenda pansi pa dongosolo la PAV, limene linayamba mu 1979.

Zinthu zitatu zimene zimabweza munthu

Mu 2019, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika kukayikira katemera pa gulu la zinthu 10 zoopseza umoyo wa anthu. Akatswiri amanena zifukwa zitatu, ndipo zimagwira wodwala ndi namwino yemwe.

Coyamba ndi cikhulupiriro. Kodi katemerayu ndi wabwino? Kodi amene wabwera naye ndingamukhulupirire?

Caciwiri ndi kupeputsa matenda. Munthu amati, “Ine ndine wamphamvu, sindingadwale.” Wophunzira wacinyamata amagwa msanga mu msampha umenewu. Koma akadzibaya mwangozi ndi singano imene yabaya wodwala, angatenge matenda a ciwindi a hepatitis B. N'cifukwa cake WHO imalangiza kuti azaumoyo alandire katemera wa matendawa.

Cacitatu ndi kuvuta kwa njira. Cipatala cili kutali, mlatho wakokoloka, firiji yazima, mzere ndi wautali. Munthu amangoti, “Ndidzapita mawa,” basi mawalo osafika.

Zimene nthawi ya korona inaphunzitsa

Katemera wa korona anayamba kuperekedwa m'Mozambique pa 8 Marici 2021, ndipo oyamba pa mzere anali azaumoyo. Nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Armindo Tiago, amene ndi dokotala, anabayitsa anthu akuona. Ku Malawi, pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba pa 11 Marici. Ankadziwa kuti anthu amatsatira zimene aona kuposa zimene auzidwa.

Komabe mphekesera zinali ponseponse. Ena ankati katemerayu amaletsa kubereka, zimene si zoona. Mu Meyi 2021, boma la Malawi linatentha katemera woposa 19,000 ku Lilongwe cifukwa masiku ake anali atatha. Anacita zimenezi poyera kuti anthu adziwe kuti sadzabayidwa katemera wotha nchito.

Tangoganizani: mwafunsa namwino kuti, “Inuyo munabayitsa?” iye n'kuyang'ana kumbali. Kodi inu mungapereke mkono? Namwino mmodzi akakayika, mudzi wonse ukhoza kukayika naye.

Botolo limodzi, ana ambiri

Nthawi zina namwino sakayika katemera, koma amaopa kuwononga. Botolo la katemera wa cikuku nthawi zambiri limakwanira ana 10. La BCG, woteteza ku cifuwa cacikulu, limakwanira ana 20. Akalisungunula, lotsala liyenera kutayidwa pakatha maola 6. Ndiye pakabwera ana awiri okha, namwino wina amati, “Mubwere tsiku lina.” Mayi amene wayenda kucokera m'mamawa sabweranso msanga. Koma malangizo a WHO ndi akuti botolo litsegulidwe ngakhale mwana ali mmodzi. Kutaya katemera pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kusiya mwana wosatetezedwa.

Mawu nawonso amabweza anthu. Mayi akakalipiridwa pa gulu cifukwa wataya khadi kapena wacedwa, amacita manyazi. Akapanda kuuzidwa kuti mwana angatenthe thupi pang'ono, usiku amacita mantha, n'kusiya katemera wotsatira.

Nawonso amakumana ndi zoopsa

Tisaiwale mbali yawo. M'Ciputukezi, mankhwala othira m'madzi akumwa amawati cloro, ndipo matenda a kolera amawati cólera. Mawuwa amamveka ngati amodzi. M'madera ena a Nampula ndi Zambézia, azaumoyo ndi atsogoleri a m'midzi akhala akumenyedwa powanamizira kuti akufalitsa kolera, ndipo ena anaphedwa. Munthu amene akuopa miyala sangalowe m'mudzi ndi mtima wokhazikika.

Matenda sadziwa malire

Mu Febuluwale 2022, Malawi inalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda opuwalitsa miyendo. Mu Meyi caka comweco, mtundu womwewo wa poliyo unapezekanso m'cigawo ca Tete, patatha zaka 30 usanaoneke m'Mozambique. Azaumoyo a maiko awiriwa anayenda khomo ndi khomo, kudontheza katemera m'kamwa mwa ana ndi kuwapaka inki pa cala. Mu Meyi 2024 zinalengezedwa kuti mliriwo watha. Eetu, umenewo ndi mphamvu ya azaumoyo amene akukhulupirira nchito yawo.

Mu Ogasiti 2024, katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana, ndipo cigawo coyamba m'Mozambique cinali Zambézia. Mwana amafunika kumulandira kanayi. Kuti mayi abwere maulendo onsewo, pamafunika namwino wofotokoza bwino. Katemerayu amacepetsa malungo, koma neti musaisiye.

Inu mungacite ciani?

Sungani khadi la mwana pouma, ndipo muzilitenga ngakhale mukupita ku cipatala ca tsidya lina la malire. Likatayika, pitanibe, mukanene. Mukacedwa tsiku, pitanibe. Katemera sayambira poyamba, amangopitiriza pamene munasiyira.

Funsani mafunso atatu awa: “Katemerayu ndi wa matenda anji? Mwana akatentha thupi ndicite ciani? Ndibwerenso liti?” Akakubwezani, funsani mwaulemu tsiku lenileni lobwerera. Mukamva mphekesera, itengeni kwa namwino kapena kwa APE musanaiuze mnzanu. Ndipo ngati mwana wanu akuphunzira unamwino kapena udokotala, akabwera pa holide mufunseni kuti, “Mwanangu, iweyo katemera wako unabayitsa?”