Patxaran

Patxaran ndi mowa wotsekemera, wofiira, wa ku Navarra kumpoto kwa Spain, umene mabanja ambiri kumeneko amadzipangira okha pakhomo. Umachokera ku zipatso za chitsamba chaminga chotchedwa Prunus spinosa. Tizipatsoti ndi takuda, tating'ono kuposa masau, ndipo timawawasa moti wotitafuna tatiwisi amakwinya nkhope. Amatithyola cha mu Seputembala ndi Okutobala, titapsa bwino.

Mowawu saphika kapena kutcheza, amangoviika. Mu lita imodzi ya mowa wa anisi amathiramo magalamu pafupifupi 250 a zipatso zotsuka bwino, kakhungwa ka sinamoni ndi njere zochepa za khofi wokazinga. Zokometserazi zisachuluke, chifukwa sinamoni akapitirira amapha fungo la chipatso. Botolo lagalasi amalitseka ndi kulisunga pamalo ozizira, amdima, n'kumalikhutchumula nthawi ndi nthawi. Pang'onopang'ono mowa woyera uja umafiira, zipatsozo zikuchita makwinya pansi pa botolo. Pakatha miyezi ingapo amasefa pansalu yoyera. Apa mpofunika kusamala: zipatso zikakhalitsa mowa umayamba kuwawa, ndipo palibe shuga amene angaubwezere kukoma kwake.

Kale anthu ankaumwa ngati mankhwala am'mimba, ndipo mpaka lero amaumwa pang'ono, wozizira, akatha kudya. Kuyambira 1988 pali bungwe loyang'anira patxaran wogulitsa wotchedwa Pacharán Navarro, lomwe limaletsa kuthiramo utoto. Ukali wa mowawu umakhala pakati pa 25% ndi 30%.