Cifukwa Cake Kompyuta Imacedwa Ikatentha

Kompyuta ikayamba kucedwa mwadzidzidzi pakati pa masewela, ambili a ife timathamangila kukamba kuti yalowa vailasi, kapena kuti RAM yacepa. Koma nthawi zambili vuto limakhala kutentha, ndipo kucedwako anakuikamo dala anthu amene anaipanga. Kuti timvetse cifukwa cake, tifunika kubwelela kumbuyo zaka zoposa 20.

Makompyuta akale sanali kuvutika na kutentha. IBM PC ya mu 1981 inali na purosesa yothamanga pa 4.77 MHz cabe, ndipo siinafunike fani pamwamba pake. Pofika caka ca 2000, makampani a Intel na AMD anali atapitilila 1,000 MHz pa mpikisano wawo. Liwilo likamakwela, magetsi odyedwa amakwela, kutentha nakonso kumakwela. Fani ikaima, kacipangizo kodula kaja kanali pa ngozi.

Mu September 2001, webusaiti ya Tom's Hardware, imene anayambitsa dokotala wa ku Germany Thomas Pabst, inacita zimene palibe mwini kompyuta angayese. Anayatsa masewela a Quake III Arena, ndiyeno masewela ali mkati anacotsa fani pamodzi na citsulo cozizilitsa purosesa, uku akujambula vidiyo. Pentium III inaima nji, koma siinawonongeke. Athlon ya AMD inafuka utsi m'masekondi ocepa, kutentha kwake kutapitilila madigili 300. Pentium 4, imene inatuluka mu November 2000, inacita zina. Masewela anayamba kukwawa ngati nkhono koma sanaime, ndipo atabwezapo citsulo cija anathamanganso monga poyamba.

Cinsinsi cake cinali kacipangizo kopima kutentha mkati mwa purosesa yeniyeniyo. Kutentha kukafika pa malile, purosesa inali kupumila pang'ono-pang'ono pa nchito yake mpaka itazizila. Acingelezi amati thermal throttling. Vidiyo ija inafala kwambili, ndipo Athlon 64 imene AMD inatulutsa mu 2003 inali yokhoza kudzizimitsa yokha ikatentha mopitilila. Intel nayo inagonja kwa kutentha: mu 2004 inasiya colinga cotulutsa Pentium 4 ya 4 GHz, n'kuyamba kuika mapurosesa awili m'kacipangizo kamodzi m'malo mongokweza liwilo.

Kucokela nthawi imeneyo, kompyuta yotentha siipsa, imacedwa. Ici n'cabwino ku thumba lathu, koma cinabweletsa vuto lina: utsi umaoneka, pamene kucedwa kumasokoneza. Olo makina atsopano amagwa m'vutoli. Mu July 2018, ogula MacBook Pro yokhala na purosesa ya Core i9 anapeza kuti inali kucedwa ikapatsidwa nchito yolemetsa. Apple inapepesa na kutulutsa pulogilamu yokonza colakwika m'dongosolo loyang'anila kutentha.

Kwa ife kuno, kumene October amabwela na dzuwa loswa mtengo komanso fumbi, mbili imeneyi ili na phindu. Cizindikilo ca kutentha n'cakuti masewela amayamba bwino, ndiyeno pakapita mphindi zingapo zithunzi zimayamba kudukiza-dukiza, fani ikulila kwambili. Tingatsegule Task Manager n'kuona ngati liwilo la purosesa likutsika pamene nchito ikali yambili. Pulogilamu monga HWMonitor imaonetsa kutentha. Ngati kukufika pa madigili 95 kapena 100, tapeza gwelo. Tizimitse makina, tipukute fumbi pa fani na m'mabowo otulukila mphepo, ndipo tileke kuika laputopu pa bulangeti kapena pa matilesi. Ngati makina ni akale, mafuta aja a thermal paste amene amakhala pakati pa purosesa na citsulo cozizilitsa amakhala atauma, ndipo amafunika atsopano. Tikumbukilenso kuti malaiti akapita, laputopu yambili imacepetsa liwilo pofuna kusunga batile, conco masewela amacedwa olo makina ali ozizila.

Ngati kutentha kuli bwino koma kucedwa kukalipo, m'pamene tingayambe kufufuza mavailasi, madilaiva na mapulogilamu obisala kumbuyo. Tisanatulutse makwaca kugula RAM yatsopano, tiyambe taona fani.