Foni siikulowa moto? Yambani mwaona izi musanakwere minibasi yopita kwa okonza

"Charging system yapita iyi." Ambiri tinawamvapo mawu amenewa, ndipo akangotuluka mumadziwiratu kuti m'thumba mupepuka. Kwa munthu wa pa Chikangawa, Luwerezi kapena Embangweni, ndalama yokonzetsera imabwera pamwamba pa thiransipoti yopita pa Boma kapena ku Mzuzu, kuphatikizapo tsiku lathunthu lotayika. Chonsecho nthawi zambiri foni imene yakana moto imakhala ilibe vuto m'kati. Vuto limakhala panjira imene moto umadutsa: pa soketi, pa mutu wa tchaja, pa kebo, kapena pa kabowo kotchajira. Ndiye kufufuza kwake kuyambire kukhoma, kutsike mpaka pa foni. Mwanjira imeneyi mumayamba ndi zimene sizifuna ndalama.

Soketi ndi tchaja cha ku Joni

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali pa mavoti 230. Foni siingalandire moto wochuluka chonchi, n'chifukwa chake mutu wa tchaja umautsitsa kufika pa mavoti 5. Matchaja othamanga amakweza kufika pa 9 kapena kuposa, koma pokhapokha ngati foniyo yavomera. Choyamba lumikizani chinthu china pa soketi yomweyo, kaya wailesi kaya foni ya mnzanu. Ma extension otchipa aja amafa bowo limodzilimodzi, kababu kake kali chiyakire.

Kuno ku Mzimba kuli vuto lathulathu. Mafoni ambiri amachokera ku Joni, otumizidwa ndi achimwene kapena amalume, ndipo amabwera ndi tchaja cha timiyendo tiwiri tobulungira. Masoketi a m'Malawi muno ndi a mabowo atatu a makona anayi. Timakakamiza ndithu, kutokosa bowo lapamwamba ndi kiyi kapena kamtengo mpaka tchaja chilowe. Chimalowa, koma chimagwedera. Munthu akangodutsa pafupi moto waduka, inu n'kudzuka m'mawa foni ili pa 12 peresenti pomwe munaisiya. Komanso kutokosa soketi ndi kiyi ndi kusewera ndi moyo. Gulani adaputa, yogwira molimba, nkhani ithe.

Amene mumatchaja pa sola kapena pa batire ya galimoto, pa barbershop kapena pa gulosale, kumbukirani kuti sabata ya chifunga sola siikhuta. Batire yake ikatsika, foni imaonetsa kachizindikiro koti ikutchaja koma peresenti osasuntha. Foni zisanu zikalumikizidwa pamalo amodzi, zimangogawana kamoto kochepa komweko.

Kebo ndiye wopalamula wamkulu

M'kati mwa kebo muli tiwaya ting'onoting'ono, ndipo timaduka pakhosi, pafupi ndi pamene pamalowa mu foni. Kunja imaoneka bwinobwino. Chizindikiro chake mukuchidziwa: foni imatchaja pokhapokha mwaipinda mwakutimwakuti n'kuitsamiritsa pa buku. Ikafika pamenepo itayeni, chifukwa kugwedezagwedeza kumeneko n'kumene kumamaliza kabowo ka foni, ndipo vuto la kebo limasanduka vuto la okonza.

Yesani motere, chimodzichimodzi: kebo ya mnzanu pa mutu wanu, kenako kebo yanu pa mutu wa mnzanu. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chimene chafa, mugula ziwiri pomwe chimafunika chimodzi.

Palinso foni imene imalowa moto koma mwaulesi. Apa ndi masamu chabe. Mafoni ambiri a Tecno, itel, Infinix ndi Samsung a masiku ano ali ndi batire ya 5000 mAh. Mutu wakale wolembedwa 5V 1A umapereka mawati 5 okha, ndiye kuti batire yotereyi idzaze pamafunika maola anayi kapena asanu, foni itagona osaigwira. Bowo la USB la laputopu yakale limapereka theka la pamenepo. Tsono inu mwailumikiza uku muli pa TikTok, sikirini ili ngwee, data ili on. Moto umene ukulowa ndi womwewo ukutuluka. Werengani timalemba ta pa mutu wa tchaja: pa foni za batire yaikulu funani wa 2A kupita m'mwamba. Mutu wopepuka ngati chikwatu cha machesi, wotentha kwambiri kapena wolira kuti tsiii, musauyandikizenso pa foni.

Utuchi, fumbi ndi chifunga

Apa ndi pamene Chikangawa imasiyana ndi madera ena. Nkhalango ya Viphya ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo moyo wa pano ndi matabwa: ocheka, opakira mathiraki, ogwira ntchito ku fakitale ya Raiply, ogulitsa m'mphepete mwa M1. Utuchi wa paini ndi wosalala ndipo uli ndi utomoni. Umalowa m'thumba, kuchoka m'thumba umalowa m'kabowo ka foni, ndipo nthawi iliyonse mukamalowetsa kebo mumautsendera m'kati. Pakatha miyezi ingapo pansi pa kabowo pamakhala kachigamba kolimba, kebo siifikanso kumapeto. A ku Jenda ndi ku Edingeni, kwanu ntchito yomweyi imagwiridwa ndi fumbi la m'chilimwe ndi tiulusi ta m'thumba la jinzi.

Mudziwa bwanji? Kebo siigwiranso kuti "tcha", imangosololoka yokha, kapena kachitsulo kake kamatsalira panja pang'ono. Unikani ndi tochi ya foni ina.

Potsuka, zimitsani foni kaye. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, kapena solani kamtengo ka machesi kakhale kopyapyala. Palani pansi pa kabowo pang'onopang'ono n'kumakokera zinyalala panja. Pakati pa kabowo pali kalilime kamene kali ndi timizere ta chitsulo, kameneko musakakankhe. Pa mafoni a Type-C kali pakatikati, ndiye zungulirani m'mbali mwake. Pa akale a micro-USB kamakhala chakumbali imodzi ndipo kamathyoka msanga. Singano, pini kapena waya ayi ndithu: chitsulo chimakanda timizere tija komanso chingachititse shoti. Zimene zimatulukamo mudzadabwa nazo.

Chinyezi ndi nkhani ina. Aliyense amene anadutsapo pa Chikangawa m'mawa wa mwezi wa June kapena July akudziwa chifunga chimene chimachititsa madalaivala kuyatsa magetsi dzuwa litatuluka kale. Foni imene yakhala m'thumba la jekete yonyowa, kapena yachoka panja pozizira n'kulowa m'khitchini mofunda, imachita thukuta m'kabowo. Mafoni ena a Samsung ndi iPhone amazindikira chinyezi n'kukana dala kutchaja, ena amaonetsa kadontho ka madzi pa sikirini. Sikuti yawonongeka, ikudziteteza. Igwedezeni pang'ono kabowo katayang'ana pansi, muisiye pouma podutsa mphepo kwa maola angapo. Musaiwambe pa mbaula. Za mpunga zija zisiyeni: kampani ya Apple yomwe imalangiza kuti foni yonyowa isaikidwe mu mpunga, poti tizidutswa take tingalowe m'kati. Ndipo mpungawo pano si wotchipa.

Mukaitchaja ili yonyowa, timizere tija timachita dzimbiri lobiriwira, ndipo pamenepo kamtengo sikathandizanso.

Ikakhala kuti yangoti zii

Foni imene yatheratu moto n'kukhala masiku angapo, monga zimachitikira magetsi akazima nthawi yaitali, siidzuka pompopompo. Ilumikizeni pa tchaja chodalirika, muisiye mphindi 30 osaitobwanya. Ikapanda kuonetsa kanthu, mwina yangouma mutu. Pa Samsung dinikizani pamodzi batani loyatsira ndi lotsitsira voliyumu kwa masekondi oposa 7. Pa mafoni ena ambiri a Android kugwira batani loyatsira kwa masekondi 30 kumaidzutsa.

Kuzizira nakonso kumapusitsa batire. Mabatire a lithium amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo akazizidwa kwambiri amaoneka ngati atha msanga kapena kutchaja mochedwa. Ifunditseni m'thumba la m'kati kaye. Kutentha n'koipa kuposa pamenepo: foni yosiyidwa pa dashibodi kapena pansi pa pilo imasiya yokha kutchaja mpaka izizire.

Batire imakalamba. Ikadzazidwa n'kutha maulendo pafupifupi 500 imayamba kusunga moto wochepa, ndipo imatha kudumpha kuchoka pa 40 kufika pa 5 peresenti. Koma mukaona chivundikiro chakumbuyo chatukuka kapena sikirini ikunyamuka, batire yatupa. Imeneyo musaitchajenso, musaifinye, musaiboole. Ikhoza kuyaka, ndipo m'nyumba ya matabwa si zoyesera.

Mukafika kwa okonza

Zonsezi zikakanika, pitani, koma mupite mukudziwa chonena. Auzeni kuti kebo, mutu ndi soketi mwayesa kale. Pa mafoni ambiri kabowo kotchajira kali pa kabolodi kakekake kapansi, kamene amangosintha. Imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Ikakhala IC yotchajira ya pa bolodi lalikulu, yomwe imapsa kawirikawiri ndi chiphaliwali kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima, ntchito yake ndi yovuta ndipo mtengo wake nthawi zina umayandikira wa foni ina. Funsani kuti chafa ndi chiti mwa ziwirizi, mugwirizane mtengo asanatsegule, ndipo chimene achotsacho akupatseni m'manja. Foni ikadali pa waranti ibwezeni kumene munagula, chifukwa ikangotsegulidwa kwina waranti yatha.

Musanaisiye chotsani SIM ndi memory card. Ndalama zanu za Airtel Money kapena TNM Mpamba zili pa nambala, sizili mu foni, ndiye SIM mukaiika mu kafoni ka mabatani mupitiriza kulandira ndi kutumiza pa *211# kapena *444#. Ngati foni ikuyakabe pang'ono, gwiritsani ntchito kamoto kotsalako kusunga ma chat a WhatsApp pa Google Drive. Ndipo pasiwedi ya foni musapereke. Kuti aone ngati moto ukulowa safunika kutsegula zithunzi kapena mameseji anu, sikirini yokhoma imaonetsa kale.