Bertina Lopes: Mphunzitsi Amene Sanaleke Kujambula

Kuno ku Fonte Boa tikamanena za luso la akazi, timathera pa kuumba miphika ndi kuzira nyumba. Komatu mbiri ya dziko lathu ili ndi mayi wina amene anagwira coko ndi burashi nthawi imodzi. Dzina lao ndi Bertina Lopes.

Mayi Bertina anabadwa mu 1924 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Bambo ao anali Mpwitikizi, mayi ao munthu wakuda. Ataphunzira zojambula ku Lisboa, anabwerera kwao mu 1953 nayamba kuphunzitsa atsikana kujambula pa sukulu ya General Machado. Nchitoyi anaigwira zaka 9, akulera ana ao amapasa, ndipo zithunzi zaozao sanazisiye.

Masiku amenewo mtsikana ankakonzedwa kuti akakhale mkazi wa munthu basi. Mayi Bertina ankalola ophunzira ao kujambula momasuka, cinthu cimene sicinagwirizane ndi malamulo a sukulu za atsamunda. Pa zithunzi zao ankaika anthu amene boma silinkawaŵerengera: amayi akuda, ana ndi amphawi a m'makomboni ngati Mafalala. Ankayenderana ndi alakatuli monga José Craveirinha, ndipo amuna ao, Virgílio de Lemos, anazengedwa mlandu cifukwa ca ndakatulo. Apolisi acinsinsi a PIDE atayamba kuvutitsa anthu otere, Mayi Bertina anacoka m'dziko, ndipo mu 1964 anakakhazikika ku Roma.

Dzina la Roma tonse timalidziŵa. Kumeneko ndi kumene anasainira mtendere pa 4 Okutobala 1992, umene unabweza abale athu kucokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Nyumba ya Mayi Bertina mumzindawo inkalandira ana a Mozambique ndi akazembe, ndipo mu 1993 boma linawasankha kuti aziyang'anira zacikhalidwe ku ofesi ya kazembe wathu. Anamwalira mu 2012, koma mu 2024 nchito zao zinaonetsedwanso pa cionetsero cacikulu ca ku Venezia.

Ine pa wailesi ndimaceza ndi aphunzitsi acikazi a m'midzi yathu. Ambiri amadandaula kuti akaŵeruka kusukulu, munda, nkhuni ndi ana zimawadyera nthawi, mpaka luso limene anali nalo pautsikana limazirala. Phunziro la Educação Visual limangokhala lokopera za m'buku. Mwana adzakonda bwanji kujambula ngati sanaonepo dzanja la aphunzitsi ace likujambula?

Conco inu abambo, mayi akatenga pepala ndi pensulo musamati akutaya nthawi. Inu makolo, mtsikana akamajambula pacipupa ndi makala, mfunseni cimene wajambula musanamkalipire. Ndipo inu aphunzitsi, jambulani amayi opita kumsika wa Ulongwe ndi matumba a mbatata pamutu, mukaonetse ana m'kalasi. Tikapanda kuwajambula ife, adzawajambula ndani?