Kahatchi ka ku Shetland: Kuchokera Kumgodi Kufika Pakhomo

Banja la ku Britain likafuna kugulira mwana hatchi yoyamba, kawirikawiri limayamba kufunsa za mtundu wa Shetland. Ndi kahatchi kafupi, kaubweya wambiri, kosapitirira masentimita 107 kutalika kwake. Amene anayamba kukalimbirana pamsika sanali makolo a ana. Anali eni migodi ya malasha.

Kwawo kwa tihatchiti ndi ku zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, kumene mphepo siileka ndipo mitengo ndi yosowa. Alimi akumeneko ankatisenzetsa dothi lakuda la m'madambo limene ankaumitsa n'kusonkhezera moto, komanso ndere za m'nyanja zothira m'minda. Msipu ukatha m'nyengo yozizira, tihatchiti tinkatsikira kugombe kukadya ndere zomwezo. Tofooka tinkafa. Totsala tinali tamphamvu modabwitsa poyerekeza ndi msinkhu wake.

Zinthu zinasintha mu 1842, pamene nyumba ya malamulo inaletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi pa mgodi. Ngolo za malasha zimene ana ankakoka m'njira zopapatiza zinafuna wina wozikoka, wamfupi ngati mwana koma wamphamvu kuposa bambo. Ogula anakhamukira ku Shetland. Ankafuna tamphongo tokha, ta miyendo yaifupi ndi chifuwa chotambalala, ndipo mtengo unakwera moti mlimi wosauka sakanakana. Tamphongo tabwino tinathera kumigodi ya kumpoto kwa England, pazilumba n'kutsala tosafunika, mtundu n'kuyamba kulowa pansi. Cha m'ma 1870, Marquess wa Londonderry, yemwe anali ndi migodi ku County Durham, anatsegula khola lake pa zilumba za Bressay ndi Noss kuti aziweta yekha. Kamphongo kake kotchedwa Jack ndiko kholo la tambiri timene ana akukwera lero. Bungwe losunga kaundula wa mtunduwu linakhazikitsidwa mu 1890.

Moyo wa pansi pa mgodi unali wowawa. Tambiri tinkagona m'makola a mumgodi momwemo, osaona dzuwa kwa miyezi. Mu 1913 migodi ya Britain inali ndi mahatchi pafupifupi 70,000 a mitundu yosiyanasiyana, ndipo pa mgodi wa Ellington omaliza anatuluka mu 1994.

Pamene makina ankalanda ntchito pansi, msika wina unali ukukula pamwamba. Mabanja olemera anali atayamba kale kugulira ana awo tihatchiti m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, tina n'kumatumizidwa ku America. Bungwe la Pony Club litayamba mu 1929 kuphunzitsa ana kukwera, wogula anasintha funso. Sankafunsanso kuti kakoka ngolo zingati, koma ngati kaluma, kaponda, kapena kadzidzimuka galimoto ikadutsa.

Wogula wanzeru lero sathamangira kamwana kokongola. Amafuna kachikulire kamene kalera kale ana a mabanja ena, chifukwa tihatchiti timatha kupitirira zaka 30. Amakatsegula pakamwa kuona mano, amanyamula mwendo uliwonse kuyang'ana ziboda, amapempha kuti mwana wa mwini wake ayambe wakwera iye akuonerera, kenako amaitana dokotala wa ziweto ndi kufunsa chiphaso cha kahatchiko, chimene lamulo la ku Britain limafuna pa hatchi iliyonse. Ziboda ndiye zofunika kuziyang'anitsitsa. Thupi lozolowera msipu wosauka wa ku Shetland likakumana ndi udzu wonona limanenepa msanga, m'ziboda mumatupa, kahatchi n'kumaima chopendekera kumbuyo chifukwa cha ululu. Mabanja ambiri amapweteka chiweto chawo pochidyetsa mopitirira muyeso, ali n'cholinga chabwino.

Ku Lerwick, tauni yaikulu ya zilumbazi, msika wa tihatchiti umachitikabe chaka ndi chaka mu Okutobala, ndipo ogula ena amachokera kunja kwa Britain.