Mphini za Abale ndi Mbiri ya Zizindikiro za Kumpoto kwa Ulaya

Ku Ireland, ku Scotland ndi ku America kwafala chizolowezi choti ana a bere limodzi azipita kukatemedwa mphini yofanana pakhungu, yosonyeza kuti makolo awo anali a mtundu wa Celt kapena ma Viking. Kuphatikiza mitundu iwiriyi si kulakwitsa ayi. Ma Viking anamanga msasa ku Dublin m'chaka cha 841, nakwatirana ndi eni dziko, ndipo ambiri mwa akazi oyamba kukhala ku Iceland anachokera ku Ireland ndi Scotland. Vuto lili pa zizindikiro zimene abalewa amasankha, pakuti inki ikalowa m'khungu sichoka ndi sopo.

Taonani chizindikiro chotchedwa vegvísir, chimene amati chinkalozera ma Viking njira panyanja. Chimapezeka m'buku la pamanja la Huld, lolembedwa ndi Geir Vigfússon ku Iceland mu 1860, patapita zaka pafupifupi 800 nyengo ya ma Viking itatha. Mfundo zolukanalukana za a Celt nazo zinakula m'manja mwa amonke achikhristu, monga amene anakongoletsa Book of Kells cha m'ma 800, buku limene likusungidwa ku Trinity College ku Dublin. Amonkewo sanasiye mawu onena kuti mfundo yakuti ikuimira ubale. Imene imagulitsidwa ndi dzina loti mfundo ya ana aakazi apachibale ndi nzeru za amalonda a mikanda ndi mphete a masiku ano.

Nanga anthuwo ankatema mphini n'komwe? Umboni ndi wochepa. Ahmad ibn Fadlan, nthumwi yochokera ku Baghdad, anakumana ndi anthu otchedwa Rus m'mbali mwa mtsinje wa Volga mu 922, nalemba kuti anali ndi zojambula zobiriwira modera kuyambira kuzikhadabo mpaka m'khosi. Akatswiri amatsutsanabe ngati zinali mphini kapena utoto chabe. Julius Caesar naye anangoti anthu a ku Britain ankadzola utoto wobiriwira ngati thambo.

Zilembo za rune zili ndi msampha wakewake. Ojambula ambiri amakonda zakale zija 24, pamene ma Viking enieniwo ankalemba ndi 16 zokha. Choopsa kwambiri ndi chilembo cha othala, chotanthauza cholowa cha makolo. Tanthauzo ndi lokoma kwa abale, koma gulu lina la asilikali a SS a Hitler linachiyesa chizindikiro chawo, ndipo mpaka pano atsankho amachigwiritsabe ntchito. Munthu ungachiteme pofuna kukumbukira agogo, anthu m'basi n'kumakuona ngati wodana ndi akuda.

Ine ndimaona kuti abalewa amadutsa pambali pa chinthu chenicheni. M'chigawo cha Uppland ku Sweden muli miyala yolembedwa ndi rune pafupifupi 1,200, yambiri ya m'zaka za m'ma 1000. Mawu ake ndi osavuta: amatchula amene anaimika mwala, amene akukumbukiridwa, ndi ubale wawo. Kawirikawiri ndi ana amuna awiri kapena atatu amene anasonkherana kuimikira bambo wawo mwala, kapena mbale wawo amene anapita kum'mawa pa ngalawa osabwerako. Mayina awo anawalemba mondondozana m'thupi la njoka yojambulidwa mozungulira mwalawo.